Potsata Mapazi a Nkhondo ya 1812

Ambiri mwa ife amene tidapitako kusukulu timadziwa kuti anthu a ku America adadzivula goli la Angelezi m'chaka cha 1776, ndi kuti Angeleziwo adavomera monyinyirika m'pangano la ku Paris la 1783. Koma ndi owerengeka, ngakhale pakati pa eni dzikolo, amene angathe kulongosola bwino za nkhondo ina imene idabuka zisanakwane zaka 30 chichitikire panganolo, pamene mitundu iwiri yolankhula chinenero chimodzi ndi kuwerenga Buku Lopatulika limodzi idatolanso mfuti, pakuti, monga adanenera makolo, mlandu suwola. Amaitcha Nkhondo ya 1812, chinkana idafika mpaka 1815, ndipo chigawo chake chimene chidachititsa manyazi a ku America koposa, pamodzi ndi chimene amanyadira koposa, zidachitikira m'mbali mwa nyanja ya Chesapeake m'milungu yochepa ya Ogasiti ndi Sepitembala 1814. Ndili mlendo ku Maryland kwa mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito kumeneko, ndidamupempha kuti titsate njira imene ankhondo a mfumu adadzera, iye adaseka nati, "Atsibweni, anzanu akabwera kuno amafunsa masitolo, inu mukufunsa manda?" Komabe galimoto adaitulutsa.

Gwero la mkanganowo lidali panyanja. Britain idali m'kati mwa nkhondo yaikulu ndi Napoleon wa ku France, ndipo zombo zake zankhondo zidali ndi njala ya amalinyero yosakhuta, chifukwa moyo wa m'zombozo udali wa zikoti ndi chakudya chovunda, kotero kuti ambiri ankathawa kukalowa ntchito m'zombo zamalonda za ku America. Tsono akazembe a Angelezi adazolowera kuimitsa zombo zimenezo pakati pa nyanja, nafoletsa amalinyero pamzere, natenga aliyense amene adamuyesa munthu wa mfumu, ngakhale iye alumbire kuti adabadwira ku Boston kapena ku Baltimore. Ndipo ogwidwa motero adafika zikwi. Mu Juni 1807 chombo chotchedwa Leopard chidaombera chombo chankhondo cha America pafupi ndi Norfolk, nichipha anthu atatu ndi kutenga anayi. Onjezerani pamenepo malamulo a ku London otsekereza malonda ndi France, dandaulo loti Angelezi a ku Canada ankapatsa mfuti mafuko a eni nthaka amene Tecumseh adawasonkhanitsa kuti aletse olanda malo, ndiponso, tisabise, dyera la andale ena ofuna kumeza dziko la Canada lomwelo. Pa 18 Juni 1812 Pulezidenti James Madison adasaina chilengezo cha nkhondo, chimene m'nyumba ya Senate chidangopyola ndi mavoti 19 kwa 13. Ndipo pamene iye ankasaina, a ku London adali atagwirizana kale zochotsa malamulo a malonda aja, koma mthenga wa masiku amenewo ankayenda ndi matanga, nafika mfuti zitayamba kale kulira.

Tidalawirira m'mamawa kulowera kummwera, kudzera m'nkhalango ndi m'minda ya chimanga ndi soya, kufikira msewu udatitula pa Benedict, kamudzi ka m'gombe la mtsinje wa Patuxent, ka nyumba zamatabwa zowerengeka, mabwato omangirira pa zikhomo, ndi malo odyerako nkhanu, zimene anthu akumeneko amazithira tsabola wambiri nazikhuthulira pa pepala loyala patebulo, aliyense naswa yake ndi kanyundo kamtengo. Pa gombe limeneli, pa 19 Ogasiti 1814, padatsika asilikali ngati 4,500 otsogozedwa ndi Robert Ross, ambiri a iwo ozolowera utsi wa onga m'nkhondo za ku Spain, amene adamasuka Napoleon atagwa mu Epulo wa chaka chomwecho. Ndipo pamodzi nawo padali George Cockburn, kazembe wa panyanja amene dzina lake linkanjenjemeretsa midzi ya m'mbali mwa Chesapeake chitenthere iye tauni ya Havre de Grace chaka chapitacho. Padalibe ndi mmodzi yemwe wowaletsa kutsika. Zombo zazing'ono zankhondo za America, zimene ankaziyang'anira Joshua Barney, zidali zitapanikizidwa kumtunda kwa mtsinje womwewu, ndipo pa 22 Ogasiti eni ake adaziphulitsa okha kuti zingagwe m'manja mwa adani, amalinyero nayenda pansi kukatchinjiriza likulu.

M'njira yochokera ku Benedict kulowera kumpoto maso anga adakodwa ndi zigafa za fodya, zazitali kuposa nyumba, zokhomedwa ndi matabwa oimirira amene ena mwa iwo amatseguka kuti mphepo idutse m'masamba, ntchito yake yomweyo ya zigafa zathu za ku Kasungu ndi ku Mchinji, kungosiyana kukula. Zambiri tsopano zilibe kanthu, zina zidapendekeka ndi kukutidwa ndi zomera zoyanga, chifukwa alimi ambiri a ku Maryland adausiya fodya. Ndidapempha mphwanga kuti aime, ndipo nditasuzumira m'chigafa china cha m'mbali mwa msewu ndidaona mitanda yopachikapo ndodo za fodya itasanjikana mpaka kudenga. Ndipo aliyense amene adathyolapo masamba a fodya dzuwa lili paliwombo, kapena kuchezera kusoka, adziwa popanda womuuza kuti mbewu imeneyi imadya manja ambiri. Manja amene ankalima fodya wa m'mbali mwa Patuxent m'masiku a nkhondoyo adali a akapolo, zidzukulu za anthu otengedwa ku Africa. Kalembera wa 1810 adapeza akapolo oposa 1,190,000 m'dziko la America, dziko lomwelo limene lidatola zida chifukwa cholephera kupirira kuti ana ake azigwidwa panyanja ndi kugwiritsidwa ntchito mokakamiza. Kachitsotso ka m'diso la Mngelezi kadaoneka bwino lomwe, koma mtanda wa m'diso la mwini sudaoneke.

Angelezi, amene sadali ogona, adaona pofooka pa mdani wawo. Pa 2 Epulo 1814 Alexander Cochrane, mkulu wa zombo zonse za mfumu m'chigawo chimenecho, adalengeza kuti aliyense wokhala ku America wofuna kuchokako adzalandiridwa pamodzi ndi banja lake, nadzasankha yekha kulowa usilikali kapena kutumizidwa ngati mfulu ku maiko a Britain. Kapolo sadamutchule m'kalatamo, koma onse adadziwa amene ankanenedwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amuna ndi akazi, ena atabereka makanda, ankatenga mabwato a ambuye awo usiku napalasa kulondola zombo, ndipo ena, atafika, ankabwerera ndi asilikali kukatenga akazi awo ndi ana, nawalondolera Angelezi m'timitsinje ndi m'tinjira timene sitidalembedwe pa mapu. Mwa anyamata amenewa mudatuluka gulu la asilikali a malaya ofiira lotchedwa Colonial Marines, limene lidayenda nawo msewu uno mpaka ku Washington. Tisafulumire kuwagwiritsa Angelezi ndodo ya Mose, pakuti m'chaka chomwecho iwo adali ndi akapolo awo ochuluka m'minda ya nzimbe ya ku Jamaica ndi Barbados, amene lamulo lowamasula lidayamba kugwira ntchito mu 1834. Ufulu umene Cochrane ankagawa udali chida chankhondo, ngakhale kwa munthu amene adaulandira udali ufulu ndithu.

Pa Upper Marlboro sitidakhalitse. Pa kachitunda kena m'tauniyo pali manda a William Beanes, dotolo wokalamba amene Ross adagona m'nyumba mwake popita ku Washington, ndi amene, ankhondo akubwerera, adathandiza kugwira asilikali ena otsalira m'mbuyo amene ankaba m'midzi; Angelezi atamva adatuma apakavalo, namudzutsa usiku, napita naye ku zombo.

Bladensburg lero ndi malo a magalaja, misewu yopingasana ndi phokoso la magalimoto, ndipo mlendo wosauzidwa sangaganize kuti pa mlatho wa mtsinje wa Anacostia pamenepa, masana a pa 24 Ogasiti, m'kutentha kumene kudagwetsa asilikali ena a malaya aubweya asanaone ndi mdani yemwe, padagamulidwa mlandu wa likulu la dziko. A ku America adali ochuluka, ngati 6,000 kapena kuposerapo, koma ambiri adali alimi, akalaliki ndi amisiri ongoitanidwa mwadzidzidzi, osagona tulo, oimikidwa m'mizere yosathandizana. Pakuti nduna ya zankhondo, John Armstrong, idali itaumirira kwa miyezi kuti Angelezi alibe chimene angafune ku Washington. Pulezidenti Madison mwini wake adafika pa kavalo, nangotsala pang'ono kulowa m'manja mwa adani. Maroketi a Congreve, amene ankaphonya kawirikawiri koma kulira kwake kudali koopsa, atayamba kuuluka pamitu, mizere idasweka, anthu nathawa liwiro la mtondo wadooka, kotero kuti onyoza adaitcha nkhondoyo mpikisano wothamanga wa ku Bladensburg. Otsala adali amalinyero a Barney, mazana angapo okha, amene adaima ndi mizinga yawo pamsewu kufikira zipolopolo zidatha, mtsogoleri wawo nalasidwa pantchafu ndi kugwidwa. Pakati pawo padali Charles Ball, munthu wakuda amene adathawa ukapolo ku Georgia nabwerera ndi miyendo ku Maryland, ndipo chipilala chamkuwa chimene adachiimika pano mu 2014 chimamuonetsa ali pambali pa Barney wovulalayo. Ndidaima pamenepo ndikulingalira kuti tsiku limenelo othawa ukapolo adali mbali zonse ziwiri za mlatho, wina m'malaya ofiira, wina m'zovala za malinyero, yense atayeza mumtima mwake kumene ufulu wake udali pafupi. Ndipo Ball, amene adasankha mbendera ya kwawo, adadzagwidwanso patapita zaka nabwezedwa ku ukapolo, mpaka adathawanso kachiwiri.

Madzulo omwewo Ross ndi Cockburn adalowa mumzinda umene masiku amenewo udali ndi anthu ngati 8,000 okha, misewu yafumbi ndi nyumba zotalikirana. Adaunjika mipando m'Nyumba ya Malamulo nayatsa moto, mabuku ngati 3,000 a laibulale ya Congress napsera momwemo, akunena kuti akubwezera zimene a ku America adachita ku Canada, monga ku York, kumene tsopano ndi Toronto, pamene nyumba za malamulo zidatenthedwa mu Epulo 1813. Ku nyumba ya Pulezidenti adapeza chakudya cha anthu ngati 40 chili chikonzere, nadya, namwa vinyo wa mwini nyumba, natentha nyumbayo. Amene adayala tebulolo adali Paul Jennings, mnyamata wa zaka 15, kapolo wa Madison. Ana asukulu a ku America amaphunzitsidwa za Dolley Madison, mkazi wa Pulezidenti, amene adakana kuthawa chithunzi chachikulu cha George Washington chisanachotsedwe pakhoma, ndipo ulemu umenewo ngwake ndithu, popeza lamulo lidachokera kwa iye; koma Jennings, m'kabuku kake ka 1865, adaumirira kuti manja amene adachitsitsa adali a wapakhomo wachifalansa ndi a wosamalira maluwa. Iye mwini adadzagula ufulu wake mu 1847 mothandizidwa ndi Daniel Webster, Dolley yemweyo atamugulitsa chifukwa cha umphawi wa umasiye.

M'mawa mwake Cockburn adaphwanya makina osindikizira a nyuzipepala ya National Intelligencer imene inkamunyoza, ndipo masana kudagwa chimkuntho chimene chidasasula madenga ndi kuzima moto. Opembedza a kumeneko amati lidali dzanja la Yehova, ngakhale Ross sadali ndi cholinga chokhalitsa, ndipo usiku womwewo adachoka mwakachetechete atasiya moto wa misasa ukuyaka kuti anyenge azondi. Titaima kumpanda wachitsulo wa nyumba ya Pulezidenti ija, White House, pakati pa khamu la ojambula zithunzi, mphwanga adandiuza nkhani imene ambiri amasimba, yoti nyumbayo idapakidwa zoyera pofuna kubisa mwaye wa Angelezi; nkhani yokoma ndithu, koma njereza idapakidwa kale pa makoma amenewo mu 1798.

Mzinda wa Baltimore udali wachitatu kukula m'dzikolo, ndipo Angelezi ankadana nawo koposa chifukwa m'madoko ake a ku Fells Point munkatuluka zombo zaliwiro za anthu wamba, zololedwa ndi boma kufunkha zombo zamalonda za Britain. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: atamva za Washington, anthu a ku Baltimore, otsogozedwa ndi Samuel Smith, adatuluka azungu ndi akuda, mfulu ndi akapolo, kukakumba ngalande pa phiri la Hampstead, zombo zamalonda nizimizidwa pakhomo la doko kuti zitseke njira. Pa 12 Sepitembala Ross adatsika pa North Point, ndipo tsiku lomwelo chipolopolo chidamupeza ali pa kavalo. Mtembo wake adausunga mu mgolo wa mowa wa ramu kufikira adakauika ku Halifax. Wolowa m'malo mwake, Arthur Brooke, ataona ngalande zodzaza ndi anthu oposa 10,000, adadikira kuti zombo ziyambe zathyola linga la McHenry.

Linga limenelo, lomangidwa ndi nsonga zisanu monga nyenyezi, lili kumapeto kwa mtunda wolowa m'madzi, pakati pa kapinga wometedwa bwino ndi mizinga yakuda. M'nyumba yolandirira alendo amaonetsa kanema, ndipo pothera pake chinsalu chimakwera, linga lenilenilo ndi mbendera yake nizionekera pazenera, nyimbo ya fuko ikumveka. "Atsibweni, imirirani," adandinong'oneza mphwanga, "pano sakhala pansi." Ndidaimirira pamodzi ndi eni dziko. Kuyambira m'mawa wa pa 13 kufikira m'mawa wa pa 14, kwa maola ngati 25, zombo za maina oopsa monga Terror, Volcano ndi Devastation zidaponya mabomba oposa 1,500, zili patali pamene mizinga ya George Armistead ndi anthu ake 1,000 siikadafika; mvula idagwa usiku, ndipo ofa m'lingamo adali anayi okha, ovulala 24. Francis Scott Key, loya wa ku Georgetown amene adapita ku zombo kukapempha kuti dotolo Beanes uja amasulidwe, adalandira chimene adapempha, koma adasungidwa pamadzi kufikira nkhondo ya ku Baltimore idatha. Ndipo kutacha, poona mbendera ikadali pamwamba, adalemba ndakatulo imene idasanduka nyimbo ya fuko mwalamulo mu 1931. Key nayenso adali mwini akapolo, munthu wovuta kumuweruza, amene nthawi zina ankaimira akapolo ofuna ufulu m'bwalo la milandu, nthawi zina nazenga mlandu otsutsa ukapolo. Ndipo ndime yachitatu ya nyimboyo, imene saiimba pamisonkhano, imakondwerera kugwa kwa kapolo ndi waganyu, mawu amene akatswiri ena a mbiri amati amaloza asilikali akuda a Colonial Marines aja. Mbendera yeniyeniyo, imene idasokedwa ya mamita 9 m'lifupi ndi pafupifupi 13 m'litali, ya nyenyezi 15 ndi mizere 15, imagona m'chipinda chamdima cha nyumba yosungiramo zakale ya Smithsonian ku Washington, yofupika tsopano ndi yosowa nyenyezi imodzi, chifukwa a banja la Armistead ankadulako tizidutswa kupatsa anthu; adaisoka Mary Pickersgill ndi a m'nyumba mwake, mmodzi wa iwo Grace Wisher, mtsikana wakuda wa zaka 13 wophunzira ntchito m'nyumbamo.

Titawoloka mlatho wautali wa Chesapeake kulowera ku Crisfield, m'dziko lathyathyathya la minda ya chimanga ndi makola a nkhuku, mphwanga adafunsa, "Nanga adapambana ndani?" Pangano la ku Ghent la pa 24 Disembala 1814 lidabwezera malire onse pomwe adali, osatchula ndi liwu limodzi lomwe za kugwidwa kwa amalinyero, ndipo nkhondo ya ku New Orleans, m'mene Andrew Jackson adapha, kuvulaza ndi kugwira Angelezi ngati 2,000, idamenyedwa pa 8 Januwale 1815, uthenga wa mtendere ukadali panyanja. A ku America amati adapambana popeza sadagonje, a ku Canada amati adapambana popeza sadamezedwe, ndipo a ku Britain ambiri sadziwa n'komwe kuti kudali nkhondo yotere, mitima yawo ili ku Waterloo. Ogonja osatsutsika adali eni nthaka: Tecumseh adagwa mu Okutobala 1813, ndipo Angelezi, amene adayamba zokambirana akuumirira kuti mafukowo akhale ndi dziko lawolawo, adaitaya nkhaniyo pa tebulo la ku Ghent.

Ku Crisfield tidakwera bwato lonyamula makalata, katundu ndi anthu kupita ku Tangier, chilumba cha Virginia chotsika kotero kuti munthu amaona nsanja ya tchalitchi ndi thanki yamadzi asanaone nthaka. Anthu ake, osakwana 500, ndi asodzi a nkhanu, opembedza osagulitsa mowa, oyenda pa timagalimoto tating'ono m'tinjira topapatiza, ndipo ena mwa manda awo ali pabwalo penipeni pa nyumba, chifukwa malo ouma ndi osowa. Amasimbabe za mlaliki wawo wa Methodist, Joshua Thomas, amene Angelezi adamuuza kuti alalikire ankhondo asanapite ku Baltimore, iye nawauza pamaso kuti mzindawo sadzautenga. Pano Cockburn adamanga linga la Albion mu 1814, ndipo pano ndi pamene othawa ukapolo pafupifupi 1,000 adaponda nthaka ali mfulu, anyamata naphunzira kugwira mfuti. Ndidafunsa njira ya ku lingalo, ndipo bambo wina amene ankasankha nkhanu m'mathanki adaloza ndi chibwano kummwera, kumene kulibe kanthu koma madzi. Pakuti nyanja yadya magawo awiri mwa atatu a chilumbachi chiyambire 1850, ndipo malo a lingalo adamira.

Nkhondo itatha, eni akapolo adatumiza nthumwi kukafuna chuma chawo, koma akazembe a Angelezi adakana kubweza munthu amene adakwera kale chombo cha mfumu. Onse amene adachoka motero adali ngati 4,000. Pafupifupi theka la iwo adatumizidwa ku Nova Scotia ndi New Brunswick, kumene ambiri adapatsidwa minda yamiyala ku Preston ndi Hammonds Plains, nazunzika ndi chisanu ndi njala. A Colonial Marines, gulu lawo litathetsedwa mu 1816, adapita ndi mabanja awo ku Trinidad, kumene adalandira maekala 16 munthu aliyense, ndipo zidzukulu zawo, zotchedwa Merikins, zikukhalabe m'midzi ya maina a magulu ankhondo, monga Fifth Company ndi Sixth Company. Mlandu wa malipiro udatha zaka zoposa 10, nufika kwa mfumu ya ku Russia, Alexander I, kuti igamule, ndipo mu 1826 Britain idavomera kulipira madola 1,204,960. Ndalama zimenezo zidagawidwa kwa eni akapolo, amene adadza ndi mindandanda ya maina, zaka ndi mitengo ya anthu amene adawathawa.